Dubai kupita ku Guangzhou maola 11, pobwera maola 4 basi, zikutheka bwanji?

NaPhiri wa ku Mabvuku

Moni nonse akumudzi amene muli muno mu Harare. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo kuyambira dzulo, chonde amene munakwerapo ndege zakutalizi mundimasulire chifukwa ine mutu waima. Geni yanga ndi ya nsapato ndi zikwama za azimayi, ndili ndi katebulo kanga mtauni, zaka zonsezi ndakhala ndikukaoda ku Joni ndi ku Musina, ku Dar ndinapitako kawiri pa basi, koma pano tagwirizana ndi anzanga awiri a chipereganyu, chija anzathu kuno amati mukando, kuti mu Okutobala ndipite ineyo ku China ndikaone katundu ndi maso m'malo momangotumiza madola kwa munthu amene sindinamuonepo nkhope. Ndege ndinakwerapo kamodzi kokha, ya ku Joni, ija umangoti ukhale bwino kumwa tiyi basi akuti mangani malamba tikutera.

Ejenti wanditumizira pepala la ulendo pa WhatsApp kuti ndione kaye ndisanalipire. Mbali ya Harare kupita ku Dubai ndaimva, tinyamuka madzulo cha m'ma 18:30, tiima pang'ono ku Lusaka, kukacha tili ku Dubai. Pamene pandizunguza ndi apa. Dubai kupita ku Guangzhou palembedwa kunyamuka 10:30 m'mawa kufika 22:00 usiku, ndawerenga ndi zala katatu akukwana maola 11 ndi theka. Nde pobwera palembedwa kunyamuka ku Guangzhou 00:15 kufika ku Dubai 04:45, amenewo ndi maola 4 ndi theka basi. Njira yomweyo, mizinda yomweyo, nanga maola 7 enawo alowera kuti? Bambo a kunyumba akuti ndiye kuti popita ndegeyo imakaima penapake mwina ku India kukathira mafuta koma sanalembe, mlamu wanga akuti ayi yobwererayo ndi ndege ina yothamanga kwambiri nchifukwa chake tikiti yakwera mtengo. Ine ndikuopa kuti mwina ejenti walakwitsa kutayipa ndipo ndikakakamira kudziko la eni chilankhulo sindichidziwa. Kodi kuchoka ku Dubai kukafika ku Guangzhou ndi mtunda wautali bwanji kwenikweni, ndipo munthu amakhala m'mwamba maola angati? Ndimamwanso mankhwala a BP m'mawa uliwonse 7 koloko nde ndikufuna ndidziwe kuti 7 koloko yake ikandipezera kuti.

Wamafoni pa Gulf

Kkkkk achemwali khazikani mtima pansi, ejenti wanu sanalakwitse ndipo ndege siima paliponse, alamu anuwo awauze kuti ndege yothamanga chonchoyo kulibe. Nthawi zimene zimalembedwa pa tikiti ndi za wotchi ya malo amene mwaimapo, yonyamukira ndi ya ku Dubai yofikira ndi ya ku China, ndipo China ili patsogolo pa Dubai ndi maola 4. Nde pa 11 ndi theka wanu uja chotsanipo 4 atsala 7 ndi theka, amenewo ndiye mukhale pampando. Pobwera muwonjezere 4 pa 4 ndi theka uja akwana 8 ndi theka. Mwaona? Ulendo umene mumauona ngati waufupi ndi umene uli wautali kkkk. Ine ndadutsamo kanayi njira imeneyo, pobwera msana umachita kuwawa. Mtunda ndi cha m'ma 5,800 km.

Mwana wa Gogo ku Epworth

Zoona zimenezo, ndipo chimene popita imafulumirira nchoti dziko limazungulira, nde ndege ili m'mwamba China imakhala ikubwera yokha kudzakumana nayo, pobwera Dubai imakhala ikuthawa. Tinaphunzira ku Form 2 izi.

Aphunzitsi Opuma a ku Highfield

Mayi NaPhiri, zimene wanena mnyamata wa mafoniyo ndi zolondola, ine ndingowonjezera mafupa ake poti ndinadya choko zaka zambiri ndikuphunzitsa zomwezi. Koma ndiyambe ndi mdzukulu wanga wa ku Epworth. Mwanawe, ku Form 2 kuja unkakhala kumbuyo eti? Dziko limazungulira kuchoka kumadzulo kupita kum'mawa, ndiye zikanakhala monga ukunenera, China ikanakhala ikuithawa ndege yopita kum'mawa ndipo ulendo wopitawo ndi umene ukanatalika. Zimene zimachitika ndi zosiyana ndi zimenezo. Mpweya wonse umene ndege imauluka m'kati mwake umazungulira limodzi ndi dziko. Uli mu kombi yochokera ku Mbare ikuthamanga, ukaponya mtedza m'mwamba umagwera m'dzanja lako lomwelo, sukagwera kwa kondakitala kumbuyo. Ndege nayonso siimasiyidwa ndi dziko chifukwa choti yachoka pansi.

Chimene chimasiyanitsa maulendo awiriwa ndi mphepo. Kumene ndege zazikuluzi zimauluka, makilomita 10 mpaka 12 kuchoka pansi, kuli mtsinje wa mphepo umene amautcha jet stream, umaomba kuchoka kumadzulo kupita kum'mawa, ndipo umadutsa kumpoto kwa India ndi kumwera kwa China, njira yanu yomweyo. M'miyezi yozizira ya kumeneko, kuyambira cha mu Novembala mpaka Malichi, mphepo imeneyi imatha kupitirira makilomita 200 pa ola. Amene munakulira kunyanja mukudziwa mmene bwato limayendera likakhala ndi mwera kumbuyo, ndi mmene opalasa amatulukira thukuta akamalimbana nawo. Popita ku Guangzhou mphepo ikukankhani, pobwera ikukanizani. Nchifukwa chake kusiyanako kumakula nyengo yawo yozizira, pamene cha mu Julaye mphepoyi imafooka nkusunthira kumpoto, maulendo awiriwa amatsala pang'ono kufanana.

Tsono za mtunda. Kuchoka ku Dubai kukafika ku Guangzhou molunjika ndi makilomita pafupifupi 5,800. Inu mwazolowera ya ku Joni, imene m'mwamba siikwana bwinobwino makilomita 1,000, ndiye ganizani maulendo 6 a ku Joni mutawalumikiza. Ndege imayenda pafupifupi makilomita 900 pa ola ikakhazikika m'mwamba, mukagawa mupeza maola 6 ndi theka. Ola linalo limathera pa kuyenda pansi kudikira mpata wonyamukira, kukwera, kutsika, komanso poti ndege siitsata mzere wowongoka ndendende. Mzere wowongokawo umakhudza m'tsinde mwa mapiri a Himalaya cha ku Nepal ndi Bhutan, ndipo oyendetsa ndege sakonda kulowa m'kati mwa mapiri amenewo ndi chigwa chokwera cha Tibet. Sikuti ndege singawadumphe, Everest ndi mamita 8,849 ndipo ndege imauluka pamwamba pa apo. Vuto ndi loti mpweya wa m'kati mwa ndege ukathawa, woyendetsa amayenera kutsika msangamsanga kufika cha pa mamita 3,000 pamene munthu angapume yekha, chifukwa timasiki timene timagwa kuchokera kudenga tija timapereka mpweya kwa mphindi zowerengeka chabe. Mamita 3,000 ndi msinkhu wa Sapitwa pa Mulanje. Ku Tibet pansi penipeni pamene anthu amadyetsa ziweto ndi popitirira mamita 4,000, ndiye utsikira kuti? Choncho mukamayang'ana mapu pa kasikirini ka kumpando mudzaona mukudutsa India, Bangladesh, Myanmar, nkulowa China cha ku Kunming, mapiri muli kuwasiya kumanzere.

Za mawotchi, ife a chigawo chino nzosadabwitsa kuti zimatisokoneza. Harare, Lilongwe, Lusaka, Maputo, Joni, konseku nthawi ndi imodzi. Munthu amakwera basi pa Roadport, kudutsa Nyamapanda, Tete, Zobue mpaka Blantyre, mayiko atatu osakhudza wotchi. Koma inu mwati munapitako ku Dar, kumbukirani mutawoloka pa Tunduma foni inalumpha ola limodzi. Ndi zomwezo, kungoti kuno kulumphako nkwakukulu. Dziko lili ndi madigiri 360 ndipo limazungulira kamodzi pa maola 24, ndiye madigiri 15 alionse opita kum'mawa ndi ola limodzi. Harare ili pa 31, Dubai pa 55, Guangzhou pa 113. Dubai ili patsogolo pathu ndi maola 2, Guangzhou ndi maola 6. Mukamatera 22:00 kumeneko, ku Mabvuku ikhala ili 4 koloko madzulo ana akuchokera kusukulu. Ulendo wonse kuchoka pa bwalo la ndege la Robert Mugabe mpaka kutera ku Baiyun, bwalo la ndege la ku Guangzhou, ukutengerani maola 21 ndi theka, kuphatikizapo kudikira ku Dubai.

Kanthu kena kongosangalatsa, China ndi dziko lalikulu loti likanakhala ndi nthawi zingapo koma lonse limayendera wotchi ya ku Beijing, moti kumadzulo kwenikweni ku Kashgar nyengo yozizira dzuwa limatuluka cha m'ma 10 koloko. India nayo inasankha zake, ili patsogolo pa Dubai ndi ola limodzi ndi theka, theka lenileni. Pepani ndatalikitsa, uphunzitsi sutha.

Mwana wa Gogo ku Epworth

Aaa agogo mwandiyalutsa pagulu kkkk, chabwino ndavomera, tsiku limenelo ndinali nditathawa kukaonera gule.

Mai a Mapasa, Mufakose

Achemwali anga NaPhiri, aphunzitsi akupatsani za m'kalasi ine ndikupatseni za m'njira, chifukwa ine ulendo umenewu ndinauyamba mapasa anga ali kumbuyo pano ali ku sekondale. Choyamba chimene ndaona pa pepala lanulo chimene palibe wachitchula ndi 00:15 ija. Samalani nayo kwambiri imeneyo, inandilizapo ine. Ulendo wanga wachiwiri tikiti inalembedwa tsiku lakuti 00:15, ine mumtima ndinangoti ndinyamuka usiku wa tsiku limenelo, nde ndinadzuka bwinobwino m'mawa kukamaliza kugula, kumangitsa katundu, kudya, madzulo ndikupita ku eyapoti monyadira nditavala zatsopano, kufika pa kauntala mtsikana akuyang'ana kompyuta akuyang'ana ine, akuti mayi ndege yanu inapita usiku wathawu. Ndinakhala pansi pa sutikesi nkulira ngati pamaliro, ndipo panalibe woti ndimunene chifukwa kulakwa kunali kwanga ndekha, 00:15 ndiye kuti tsikulo langoyamba kumene ndi mphindi 15. Ndalama imene ndinalipira kusintha tikiti inadya phindu lonse la ulendo umenewo. Ndiye ngati palembedwa pa 25, inu mukhale muli pa eyapoti pa 24 cha m'ma 9 koloko usiku, hotela mutuluke pa 24, ndipo kagoyo mukhale mutapereka kale kwa otumiza pa 23.

Chachiwiri, maola 7 ndi theka amene akunenawo ndi a pa pepala, thupi limawerenga zake. Mudzakhala mutagona kale usiku wonse mokhala kuchoka kuno, pafupifupi maola 10 ndi kuima kwa ku Lusaka kuja, kenako maola ngati 4 pa Dubai, ndipo bwalo la ku Dubai si la masewera, kuchoka pamene mwatsikira kukafika pa geti ina mutha kuyenda ngati kuchoka pa renki ya makombi ya Copacabana kukafika pa ya Fourth mutanyamula chikwama, pena mpaka kukwera kasitima ka m'kati momwemo. Musayambe ndi kuzungulira m'mashopu a mafuta onunkhira, yambani mwapeza geti yanu pa sikirini, mukaione ndi maso, kenako muzikasamba kumaso ndi kufuna tiyi. Viza ya Dubai simufunika ngati simukutuluka panja ndipo tikiti yanu ndi imodzi mpaka ku China, koma ya China ikhale ili kale mu pasipoti musananyamuke. Mundege valani nsapato zomasuka chifukwa mapazi amatupa, inu a BP makamaka, muziimirira kuyenda kupita kuchimbudzi olo musakufuna, madzi muzimwa, musachite manyazi kudzutsa munthu wa pambali panu. Ine ndimapempha mpando wa m'mbali mwa kanjira, wa pawindo ndinausiyira achinyamata ojambula mitambo.

Mankhwalawo asalowe mu sutikesi yaikulu, akhale m'chikwama cha m'manja m'paketi yake yomwe ndi kapepala ka kuchipatala. 7 koloko ya kuno ndi 9 koloko ku Dubai, ndiye tsiku loyambalo mudzamwa muli pa geti mukudikira, ndipo ku China ndi 1 koloko masana. Ine poti ndimakhalako masiku 10 okha sindisintha, ndimangomwa pa nkhomaliro kumeneko kuti maola 24 azikwana, koma inu kafunseni anesi kumene mumatengera mankhwalako akuuzeni za mtundu umene mumamwawo. Ndimavala kawotchi kotchipa ka pamkono kamene ndimakasiya pa nthawi ya ku Harare ulendo wonse, foni ndiye imasintha yokha. Kamandithandizanso kuti ndisamaimbire ana 9 koloko m'mawa ndili ku msika pamene kuno ili 3 koloko usiku.

Kutera 22:00 sindiye kuti 22:00 muli panja ayi. Pali mzere wa a imigireshoni, kudinda zala, kudikira masutikesi, mukamatuluka ikhala ikuthamangira 12 koloko, ndipo Baiyun ili kunja kwa mzinda chakumpoto pafupifupi makilomita 30. Sitima ya pansi ilipo yotchipa koma siyenda usiku wonse, ndiye konzekerani takisi, ndipo dzina la hotela ndi adiresi zikhale zolembedwa m'zilembo zawo zija pa pepala, chifukwa woyendetsa takisi mukamuuza m'Chingerezi angokuyang'anani. WhatsApp, Facebook ndi Google sizigwira kumeneko pa netiweki yawo, ikani WeChat mukadali kuno ndipo bambo a kunyumba muwaikirenso, apo ayi adzaganiza kuti mwasowa. Tulo ndiye musayembekeze kuti tibwera msanga, 12 koloko ya usiku kumeneko thupi lanu likudziwa kuti ndi 6 koloko madzulo nthawi yopika nsima, mudzagona mochedwa nkudzuka mutu uli zii, masiku awiri oyamba musapange malonda akuluakulu, ingozungulirani kufunsa mitengo.

Ine pandekha masiku ano ndimadutsira ku Addis ndi Ethiopian, maola 4 kuchoka kuno kenako kamodzi n'kamodzi maola 10 mpaka Guangzhou, ndimaona ngati ndi yachidule kusiyana nkukazungulira ku Arabu.

Wamafoni pa Gulf

Mai a Mapasa nkhani ya 00:15 mwanena zoona, mnzanga wina wa pa shopu yoyandikana nayenso inamugwira. Koma zoti ya Addis ndi yachidule ine ndikukana, imangooneka choncho chifukwa simuima ku Lusaka. Komanso maola 10 pampando umodzi ine ayi, bola kuwadula pakati 7 uku 7 uku ukawongole miyendo. Ena pano akudutsira ku Doha ndi Qatar, nayonso ndi chimodzimodzi kungoti Doha ili patsogolo pathu ndi ola limodzi lokha nde kusiyana kwake ndi China ndi maola 5 osati 4, wina asadzatenge masamu a ku Dubai nkukawaika pa tikiti ya ku Doha.

Aphunzitsi Opuma a ku Highfield

Nonse awiri mukukangana pa kanthu kochepa. Harare kupita ku Addis Ababa ndi makilomita pafupifupi 3,100, Addis kupita ku Guangzhou pafupifupi 8,000, pamodzi 11,100. Harare kupita ku Dubai ndi pafupifupi 5,500, kuwonjezera 5,800 ija ikwana 11,300, ndi kupatukira ku Lusaka kuwonjezerapo pang'ono. Pa ulendo wotalika chonchi kusiyana kumeneko ndi mphindi chabe. Kukanakhala ndege yochoka pa Harare molunjika ikanayenda makilomita pafupifupi 10,000, limene ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a kuzungulira dziko lonse lapansi. Ndiye posankha musayang'ane mapu, yang'anani maola odikira pakati, makilo a katundu amene akukulolani, ndi nthawi imene mukatere.

Ndiwonjezere kuti maola a pa tikiti ndi lonjezo la pa pepala, kumwambako kulinso malire a mayiko. Mu 2019 Pakistan inatseka mlengalenga mwake kuyambira kumapeto kwa Febuluwale mpaka mu Julaye itakangana ndi India, ndipo ndege zambiri zodutsa chigawo chimenecho zinkazungulira, maulendo nkutalika. Ku Guangdong, chigawo chimene kuli Guangzhou, nakonso kumabwera anamondwe a kunyanja makamaka kuyambira Julaye mpaka Seputembala, ndege zimachedwa kapena kuimitsidwa kumene. Kumapeto kwa Okutobala zimakhala zitachepa.

NaPhiri wa ku Mabvuku

Iii abale zikomo kwambiri, aphunzitsi Mulungu akusungeni, ndawerenga kawiri ndipo ndawaonetsa bambo a kunyumba angoti "ndimadziwa kale ine" kkkk. Mai a Mapasa mwandipulumutsa, ndayang'ananso pepala lija palembedwadi 25 Okutobala 00:15 ndipo ine ndinali nditauza kale anzanga a chipereganyu kuti tsiku la 25 ndidzagulira zotsalira. Ndikanalira ngati inuyo. Tsono ndifunseko china poti mwandizolowetsa, pali mayi wina amene timagulitsa moyandikana akuti zikwama zotchipa zenizeni zili ku Yiwu osati ku Guangzhou, akuti ndikangofika ndidzakwere basi m'mawa nkubwerera madzulo. Pa mapu a pa foni zikuoneka zoyandikana ndithu. Nzotheka? Ndikafika pa 14 usiku, nde ndili ndi masiku 10.

Mai a Mapasa, Mufakose

Kkkkk mayi ameneyo sanapiteko, anangomva. Pa mapu a China chilichonse chimaoneka choyandikana achemwali. Guangzhou kupita ku Yiwu ndi pafupifupi ngati Harare kupita ku Joni, pa ndege maola ngati 2, pa sitima yothamanga ija ya makilomita 300 pa ola ndi maola ngati 6, za basi yopita m'mawa kubwera madzulo iwalani. Kabwino kake nkoti nthawi ndi imodzi konseko monga anenera aphunzitsi, zimene zalembedwa pa tikiti ndi zomwezo palibe kuchotsa kapena kuwonjezera. Ine ndimakonda sitima, chifukwa ukawerenga kupita ku eyapoti, kufika maola 2 ndege isananyamuke, kusechedwa, kuchedwa kwa ndege za m'dziko momwemo kumene kumachitika kawirikawiri, maola 2 aja amasanduka 6 omwewo, pamene sitima ikati 8:05 ndi 8:05 ndipo umakhala momasuka ukuona minda. Pogula tikiti ya sitima ndi pokwera pamafunika pasipoti, musaisiye ku hotela. Mukasankha ndege dziwani kuti kuyambira mu Juni 2025 pa ndege za m'kati mwa China salola power bank yopanda chizindikiro cha CCC chosonyeza kuti ndi yovomerezeka ku China, amakulandani pa sekyurite pomwepo, tambiri timene timagula mtauni muno tilibe chizindikirocho.

Koma kunena mosabisa, ulendo woyamba masiku 10 ine sindingakulangizeni za Yiwu. Msika wa kumeneko wa Futian ndi waukulu zoopsa, umafuna masiku akeake, ndipo mphamvu yake ndi tinthu ting'onoting'ono, ndolo, zoseweretsa ana, za kukhitchini, zokongoletsera, ndipo ambiri amafuna ugule makatoni athunthu. Inu a nsapato ndi zikwama Guangzhou ikukwanirani, zikwama zili ku Sanyuanli, nsapato cha ku Zhanxi pafupi ndi siteshoni yakale ya sitima, ndipo ku Xiaobei mukapeza anthu akuda anzathu ambirimbiri, malo odyera zakudya zathu ndi otumiza kago amene amadziwa za ku Harare. Kupita ndi kubwera ku Yiwu kukudyerani masiku awiri a m'njira okhaokha, kuwonjezera awiri aja a mutu wa zii, mutsala ndi chiyani?

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi deti lanulo. Canton Fair, chionetsero chachikulu cha malonda, imayamba pa 15 Okutobala ku Pazhou mu Guangzhou momwemo, ndiye inu mukutera usiku woti mawa lake iyamba, anthu a dziko lonse lapansi amakhala atakhamukira mumzindamo, mahotela amakwera mtengo ndipo ndege zimadzaza, mizere pa imigireshoni imatalika. Mwachita bwino kupewa sabata yoyamba ya Okutobala chifukwa kuyambira pa 1 mpaka pa 7 ndi holide yawo yaikulu mafakitale ambiri amatseka, koma hotela bukani lero lomwe musadikire. Ndipo ngati mumaganiza zokaona nsapato ndi zikwama ku Fair komweko, zimenezo zimaonetsedwa gawo lachitatu kuyambira pa 31 Okutobala, inu mudzakhala mutabwerako kale.

Wamafoni pa Gulf

Za power bank nzoona, yanga inatsala ku Shenzhen ndikuona. Achemwali mukafuna kokayenda tsiku limodzi nkubwerera ndi ku Shenzhen, pa sitima yothamanga kuchoka ku Guangzhou South ndi theka la ola basi, koma uko ndi kwa ife a mafoni, inu mukangotopako chabe. Ndipo mukatigulireko ma chaja mukabwera tidzakambirana kkkk.

NaPhiri wa ku Mabvuku

Ma chaja mukagule nokha achimwene, makilo anga ndi a nsapato kkkk. Yiwu ndaisiya, mwina chaka cha mawa. Ndalemba pa chikuto cha kabuku kanga ka maoda kuti Dubai kuwonjezera 2, China kuwonjezera 6, eyapoti pa 24 usiku, mankhwala 1 koloko masana. Mawa ndipita kukiliniki kukafunsa za mapiritsi kenako ndikalipire tikiti, ndipo ndimuuza ejenti andiikire mpando wa m'mbali mwa kanjira mbali zonse zinayi. Mai a Mapasa ndikupezani Loweruka mukatuluka ku tchalitchi cha amayi, mundilembere dzina la hotela ija m'zilembo zawo, ndibweretsa ufa wa mgaiwa umene wabwera ndi basi ya ku Blantyre sabata yatha.